Kuyeza Kukhakhala kwa Zithunzi za CT, MRI ndi Sikani: Malangizo a Pang'onopang'ono

Dokotala wowerenga zithunzi akayang'ana chiwindi pa sikani (ultrasound) n'kunena kuti "ichi chakhakhala", mnzake wa shifiti yotsatira atha kuona chiwindi chomwecho n'kunena kuti sichinaipe kwenikweni. Onse awiri ndi akatswiri, koma mawu oti kukhakhala alibe sikelo. Kuyeza texture, kutanthauza kukhakhala kapena kusalala kwa chithunzi, ndi kusandutsa zimene diso likuonazo kukhala manambala amene munthu wina angawapezenso atatsata njira yomweyo.

Malangizowa ndalembera ophunzira ndi ofufuza a kuno ku Blantyre: a ku KUHeS, a uinjiniya wa zipangizo zachipatala ku MUBAS, ndi anzathu ojambula odwala ku Gulupu ndi m'zipatala zina. Laputopu wamba ndi yokwanira, ndipo mapulogalamu onse amene nditchule ndi aulere. Dziwiranitu chinthu chimodzi: kompyuta imatulutsa manambalawo m'kanthawi kochepa, ngakhale mutaipatsa chithunzi cholakwika. Ntchito yaikulu ili pa zosankha zimene mumapanga musanadine batani, ndiye ndi pamene ndikhalitsepo.

Funso ndi chilolezo

Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo: kodi chiwindi cha munthu amene likodzo la m'matumbo lamuwononga chimasiyana kukhakhala ndi cha munthu wabwinobwino pa sikani ya makina amodzimodzi? Funso lotere likuuzani chiwalo, makina ndi magulu oyerekeza. Funso loti "tione zimene zituluke" limabala manambala ambirimbiri opanda mutu.

Zithunzi ndi za odwala, choncho kafukufuku ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku ya ku KUHeS kapena komiti ya dziko ya NHSRC musanakope fayilo ngakhale imodzi. Mukalandira chilolezo, fufutani maina. Dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya wodwala zimakhala m'mutu mwa fayilo ya DICOM, mtundu wa fayilo umene makina ojambula odwala amatulutsa, koma pa zithunzi za sikani ya pamimba dzinalo nthawi zambiri limalembedwanso pakona ya chithunzi chenichenicho. Pamenepo pamafunika kudula kapena kudetsa.

Tengani fayilo yeniyeni

Pemphani DICOM pa CD, pa flashi kapena kuchokera ku PACS, kompyuta yosungira zithunzi ya chipatala. Chithunzi chojambulidwa ndi foni pa sikirini n'kutumizidwa pa WhatsApp chimathandiza pofunsana maganizo usiku, koma poyeza texture n'chosagwira. CT imasunga milingo ya kutuwa yoposa 4,000, pamene JPEG wamba imasunga 256 yokha, ndipo pofinya fayilo imasalaza timadontho tating'onoting'ono timene mukufuna kuyezato.

Pa CT, manambala ayenera kukhala a Hounsfield (HU), otchedwa dzina la Godfrey Hounsfield amene analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack. Pa sikelo imeneyi mpweya ndi -1000, madzi ndi 0, mafuta amakhala cha m'ma -100, ndipo fupa limapitirira mazana angapo. Pulogalamu ya 3D Slicer imasintha yokha manambala kuti akhale pa sikelo imeneyi. Ngati mukuwerenga fayilo ndi pydicom mu Python, chulukitsani ndi RescaleSlope n'kuphatikiza RescaleIntercept, manambala awiri opezeka m'mutu mwa fayiloyo. Njira yodziwira kuti zayenda: lozani mpweya wa kunja kwa thupi, muone ngati ukuyandikira -1000.

Kenako tsegulani tebulo pa kompyuta, mulembe za chithunzi chilichonse: dzina la makina, kukhuthala kwa silaisi, kukula kwa pikiselo, kernel (sefa imene makina amagwiritsa ntchito pomanga chithunzi), komanso ngati wodwala anabayidwa mankhwala owalitsa. Kernel yakuthwa yoonera mapapo ndi mafupa imachulukitsa phokoso, kernel yofewa imasalaza. Wodwala mmodzi, mpweya umodzi, makernel awiri, ndipo manambala a texture amasiyana kutalitali. Gulu la odwala likajambulidwa pa makina a chipatala china, gulu la abwinobwino pa makina a kwina, zimene mupeze ndi kusiyana kwa makinawo.

Sikani ya pamimba, imene ndi yopezeka kwambiri kuno, ndi yovutirapo. Gain (kuwala kwa chithunzi), kuya, focus, timabatani ta TGC tosintha kuwala potengera kuya, ndi mtundu wa probe (kachipangizo koika pamimba), zonsezi zimasintha timadontho ta pachithunzi. Gwirizanani ndi wojambula kuti pakhale preset imodzi ya kafukufuku, ndipo asaikhudze.

Dulani malo oyeza

Malo amenewa akatswiri amawatcha ROI. Mu ImageJ kapena Fiji mumajambula bwalo kapena bokosi, mu 3D Slicer mumapenta ndi Segment Editor silaisi ndi silaisi. Pa chiwindi pewani mitsempha ikuluikulu, ndulu ndi mthunzi wa nthiti. Pa chotupa lowani mkati pang'ono kuchoka m'mphepete, chifukwa mapikiselo a m'malire amasakaniza chotupa ndi mnofu woyandikana nacho. Pa sikani, ma ROI onse akhale pa kuya kofanana, popeza mafunde amafooka akamalowa mkati.

Kukula kwa ROI nako kukhale kofanana pamene zingatheke. Miyeso ingapo ya texture imakwera kapena kutsika ndi kuchuluka kwa mapikiselo, moti mutha kuganiza kuti mwapeza chizindikiro cha khansa pamene mwangoyeza kukula kwa chotupa m'njira ina.

Pemphani mnzanu ajambule ma ROI a odwala ena payekha, osaona anu. Tidzawafuna kutsogoloku.

Chepetsani milingo ya kutuwa

Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limasintha zotsatira koposa. Simungawerenge kuti mlingo uti umayandikana ndi uti pamene milingo ilipo masauzande, chifukwa pafupifupi pikiselo iliyonse ikhala ndi nambala yakeyake. Timaiika m'timagulu, ma bin.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusankha kukula kwa bin. PyRadiomics, pulogalamu yoyezera texture, imayambira pa 25, ndiye pa CT bin iliyonse imatenga ma HU 25. Izi zimagwira pa CT chifukwa 40 HU ndi 40 HU kwa wodwala aliyense. Koma ganizirani: ngati mnofu umene mukuyeza wagona pakati pa 30 ndi 90 HU, kukula kwa 25 kukupatsani ma bin atatu okha, ndipo texture yambiri yatayika. Pamenepo chepetsani, mwina 5 kapena 10. Njira yachiwiri ndi kusankha chiwerengero cha ma bin, monga 32 kapena 64, n'kugawa kuchokera pa nambala yotsikitsitsa kufika pa yokwera kwambiri ya mu ROI. Imeneyi ndi yoyenera MRI ndi sikani, kumene nambala ya pikiselo ilibe tanthauzo lokhazikika.

Pa MRI pali chowonjezera. Makina amene anaikidwa ku Gulupu mu 2008 pa kafukufuku wa malungo a muubongo anali a 0.35 tesla, ndipo ndi amene anaonetsa, mu kafukufuku wa Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo wa mu 2015, kuti kutupa kwa ubongo ndi kumene kumapha ana ambiri odwala matendawa. Makina amphamvu yochepa amagwira ntchito yaikulu, koma phokoso lawo ndi losiyana ndi la makina a 1.5 kapena 3 tesla amene mapepala ambiri akunja amagwiritsa ntchito. Musatenge malire a manambala a m'pepala lakunja n'kuwaika pa zithunzi zanu. Musanagawe ma bin, linganizani kuwala: chotsani avareji, gawani ndi standard deviation, ndipo mapikiselo opitirira ma standard deviation atatu muwadule.

Ngati mukuyeza mu 3D, sinthani ma voxel, mapikiselo a mu 3D, akhale ofanana mbali zonse, monga 1 x 1 x 1 mm. Masilaisi akakhala okhuthala, 5 mm pamene pikiselo ndi yosakwana 1 mm, ine ndimaona kuti n'kwabwino kuyeza mu 2D silaisi ndi silaisi kusiyana ndi kuuza kompyuta ipeke masilaisi amene sanajambulidwe.

Chimene mwasankha, lembani, ndipo chikhale chomwecho kwa odwala onse.

Yambani ndi histogram

Miyeso yoyamba imangowerenga kuti mlingo uliwonse ukupezeka kangati: avareji, standard deviation, skewness yoonetsa kupendekera mbali imodzi, kurtosis yoonetsa kuchuluka kwa manambala otalikira avareji, ndi entropy yoonetsa kusakanikirana kwa milingo. Ndi yosavuta kumvetsa ndiponso yosagwedezeka msanga. Vuto lake n'lakuti siidziwa pamene pikiselo yakhala. Ufa woyera ndi gaga mutaziika m'mbale imodzi, theka uku theka uku, kenako n'kuzisakaniza, kulemera kwake sikusintha, koma dzanja limamva kusiyana. Histogram ndi sikelo ija, dzanja ndi gawo lotsatirali.

GLCM: chitani ndi pensulo kaye

Mu 1973 Robert Haralick, K. Shanmugam ndi Its'hak Dinstein anafalitsa njira yowerengera mapikiselo awiriawiri oyandikana, ndi miyeso 14 yochokera pamenepo. Tebulo lake ndilo GLCM (grey level co-occurrence matrix). Musanaipatse kompyuta, tengani pepala. Nazi zithunzi ziwiri za mapikiselo 16, za milingo inayi.

Chithunzi A:

1 1 1 1
2 2 2 2
3 3 3 3
4 4 4 4

Chithunzi B:

1 3 1 3
4 2 4 2
1 3 1 3
4 2 4 2

M'zonse ziwiri nambala iliyonse ikupezeka kanayi. Avareji ndi 2.5, variance ndi 1.25, entropy ya histogram ndi ma bit awiri. Kwa histogram, A ndi B ndi chithunzi chimodzi.

Tsopano jambulani tebulo la mizere inayi yopingasa ndi inayi yotsika, mulembe 1 mpaka 4 m'mbali ndi pamwamba. Sankhani mtunda, pikiselo imodzi, ndi kolowera, kumanja. Pitani pa pikiselo iliyonse ya B, muone mnzake wa kumanja, muike kachizindikiro m'bokosi loyenera. Mzere woyamba ukupatsani 1 ndi 3, 3 ndi 1, 1 ndi 3. Mukamaliza mizere yonse mupeza mapeya 12: (1,3) kanayi, (3,1) kawiri, (4,2) kanayi, (2,4) kawiri. Mwambo wake ndi kuwerenganso chobwerera kumanzere kuti tebulo lifanane mbali zonse, ndiye mabokosi anayiwo akhala ndi 6 lililonse, onse pamodzi 24. Gawani ndi 24, bokosi lililonse likhala 0.25. Chitani chimodzimodzi ndi A: mabokosi (1,1), (2,2), (3,3) ndi (4,4) akhala 0.25 lililonse, ena onse ziro.

Yang'anani matebulo awiriwo musanawerengere chilichonse. La A manambala agona pamzere wodutsa pakati, kuchokera kukona yakumwamba kumanzere. La B achoka pamzerewo. Kutalikirana ndi mzere wapakatiwo ndiye kukhakhala.

Contrast imapezeka motere: pa bokosi lililonse tengani kusiyana kwa milingo iwiriyo, kuchulukitseni ndi iko komwe, kenako ndi nambala ya m'bokosimo, n'kuphatikiza zonse. Pa A kusiyana ndi ziro, contrast ndi 0. Pa B kusiyana ndi 2 paliponse, sikweya yake 4, contrast ndi 4. Homogeneity imayenda mosemphana: nambala ya m'bokosi igaweni ndi 1 kuphatikiza sikweya ija. A ipeza 1, B ipeza 0.2. Correlation ya A ndi 1, ya B ndi -0.6, kutanthauza kuti mu B pikiselo yowala imakonda kukhala ndi mnzake woderapo.

Apa pali chodabwitsa chimene n'chifukwa chake ndasankha zitsanzo zimenezi. Werengani angular second moment, imene ndi masikweya a mabokosi onse ataphatikizidwa: 0.0625 kanayi, 0.25. Ndi yofanana pa A ndi pa B. Entropy ya GLCM nayo ndi ma bit awiri konsekonse. Miyeso iwiriyi imayeza dongosolo, osati kusalala, ndipo B, ngakhale ndi chokhakhala, chili ndi dongosolo lobwerezabwereza. Ndiye mukawerenga pepala lonena kuti entropy yakwera "choncho chotupa n'chokhakhala", imani kaye. Entropy yokwera imatanthauza kuti mapeya ndi amitundumitundu, osalosereka.

Bwerezani, koma kolowera kukhale pansi. Contrast ya A ikhala 1, ya B ikhala 5. Chithunzi chomwecho, nambala ina. N'chifukwa chake mu 2D timayeza mbali zinayi, madigiri 0, 45, 90 ndi 135, ndipo mu 3D mbali 13, kenako n'kutenga avareji. Pa mnofu wokhala ndi mizere, monga minyewa ya mwendo, kusiyana kwa mbalizo pakokha ndi uthenga, musakufufute ndi avareji musanakuone.

Tsopano pa kompyuta

Mu Python, scikit-image ili ndi zonse zoyambira:

import numpy as np; from skimage.feature import graycomatrix, graycoprops
P = graycomatrix(img, [1], [0, np.pi/4, np.pi/2, 3*np.pi/4], levels=33, symmetric=True)
P = P[1:, 1:, :, :]
graycoprops(P, 'contrast').mean()

Onani 33 ndi mzere wachitatuwo. Pulogalamuyi imawerenga bokosi lonse la makona anayi, pamene ROI yanu ndi yozungulira. Mukasiya kunja kwa ROI kuli ziro, mapeya a ziro ndi ziro adzaza tebulo, chithunzi chioneka chosalala kuposa mmene chilili. Choncho mkati mupatse milingo 1 mpaka 32, kunja 0, kenako mutaye mzere ndi danga la ziro. Dziwaninso kuti imene scikit-image imaitcha energy ndi sikweya ruti ya angular second moment, pamene mapulogalamu ena amatcha energy nambala yosachotsa ruti. Mtundu wakale wa pulogalamuyi unkalemba greycomatrix ndi "e", ndiye code ya pa intaneti ikakana, yambani mwaona pamenepo.

Musanaike chithunzi cha wodwala, ikani A ndi B. Kompyuta ikapanda kubweza 0 ndi 4 pa madigiri 0, cholakwika chili mu code yanu.

Njira zina ndingozitchula mothamanga. Run length ya Mary Galloway ya 1975 imawerenga mizere ya mapikiselo ofanana otsatizana, ndipo mu A mizere yake ndi yotalika 4 pamene mu B ndi 1. Size zone imachita zomwezo ndi zigawo zolumikizana. Local binary patterns, zochokera kwa Timo Ojala ndi Matti Pietikäinen a ku Oulu ku Finland, zimayerekeza pikiselo ndi anzake asanu ndi atatu oizungulira, ndipo sizisokonezeka kwambiri chithunzi chikawala kapena kudera chonse. PyRadiomics, imene imalowanso mu 3D Slicer, imatulutsa miyeso 107 pa chithunzi chosasefedwa, ndipo mukayatsa zosefera za wavelet imafika mazanamazana. Matanthauzo ake ambiri amatsata muyezo wa IBSI, mgwirizano wa akatswiri pa maina ndi matanthauzo a miyesoyi, umene unafalitsidwa mu 2020, ndipo polemba lipoti gwiritsani ntchito maina a IBSI kuti wowerenga wa kwina adziwe chimene mwayeza.

Sefani miyesoyo

Miyeso 107 pa odwala 40 ndi msampha. Mukayesa uliwonse ndi malire a 0.05, pafupifupi isanu ituluka ngati yofunika mwamwayi chabe, ngakhale magulu awiriwo atakhala osasiyana n'komwe.

Yambani ndi ma ROI a mnzanu aja. Pa muyeso uliwonse werengani intraclass correlation, nambala yoonetsa kugwirizana kwa zotsatira, pakati pa ake ndi anu, ndipo wotsika pa 0.75 utayeni, chifukwa ukusintha ndi dzanja la wojambula. Otsalawo muwayerekeze ndi kukula kwa ROI pogwiritsa ntchito correlation ya Spearman, ndipo oyenda limodzi ndi kukula muwakayikire. Kenako muwayerekeze okhaokha. Ambiri ndi apachibale, contrast ndi dissimilarity zimanena pafupifupi chinthu chimodzi, ndiye pa gulu lililonse la ofanana sungani umodzi umene mungathe kuufotokozera dokotala m'mawu wamba. Mukatsala ndi isanu kapena khumi, muli pabwino.

Poyerekeza magulu awiri, Mann-Whitney ndi yodalirika chifukwa miyeso ya texture kawirikawiri imakhala yopendekera. Konzani ma p-value ndi njira ya Benjamini ndi Hochberg, kapena ya Bonferroni ngati mukufuna kukhwimitsa: 0.05 kugawa ndi 107 ndi pafupifupi 0.0005. Onetsaninso kukula kwa kusiyanako ndi confidence interval, osati p yokha.

Ngati mukumanga model yolosera, gawani deta potengera wodwala, osati silaisi. Masilaisi a munthu mmodzi akapezeka kophunzitsira ndi koyesera komwe, model imangomuzindikira munthuyo, AUC, nambala yoonetsa luso la model posiyanitsa magulu, n'kukwera mokoma koma monama. Kusankha miyeso nako kuchitike mkati mwa gawo lophunzitsira lokha. Ndipo yerekezani ndi chinthu chosavuta chimene chilipo kale: msinkhu wa wodwala, kukula kwa chotupa, avareji ya HU, kapena pa likodzo, magulu a A mpaka F a ndondomeko ya Niamey ya WHO amene ojambula amagwiritsa ntchito ndi maso. Texture ikapanda kuwonjezera kanthu pamwamba pa zimenezi, nenani choncho mu lipoti. Zotsatira zoterozo n'zothandiza kwa wobwera pambuyo panu.

Pomaliza penipeni, bwerezani ntchito yonse ndi ma bin 16 ndi 64 m'malo mwa 32, ndiponso ndi mtunda wa mapikiselo awiri. Zimene zapirira kusinthaku ndi zimene mulembe. Fayilo ya zosankha ya PyRadiomics, ija ya YAML, isungeni pamodzi ndi code, mtundu wa pulogalamu ndi tebulo la makina lija, pa laputopu ndi pa hard drive ina yokhala ndi pasiwedi, ndipo muiike ngati zowonjezera za lipoti lanu kuti wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu athe kuyesa njira yomweyo pa makina akwawo.